Dengu la Mazira pa Nsanja ya Toronto

Tsiku lomwe anatsegulira nsanja yaitali ija ya mu Toronto, ine ndinavulira chipewa mayi wogulitsa matikiti n'kumufunsa mwaulemu wonse ngati a Nduna afika kale. Mayiyo anali akutafuna chingamu. Anandiyang'ana, nayang'ana dengu lomwe ndinanyamula, kenako anandifunsa ngati ndikufuna tikiti imodzi kapena ziwiri. Ndikanakhala munthu wanzeru ndikanabwerera pomwepo. Koma ine ndine munthu wowerenga, ndipo wowerenga ndi wanzeru ndi anthu awiri osiyana (izi ndinazizindikira mochedwa, nditavala kale mazira pachifuwa).

Munali mu 1976, mwezi wa Juni, nyengo yotentha kuno. Ndinali nditakhala ku Canada zaka ziwiri, ndikugwira ntchito pa nyumba ina yosamalira okalamba ku Scarborough, dera la kumalire kwa Toronto: kusambitsa, kumeta ndevu, kutembenuza odwala pabedi. Ntchitoyi ndinaiphunzira kwathu pa chipatala cha mishoni, ndipo dokotala wina yemwe ndinagwira naye nthawi yaitali ndiye anandithandiza kuti ndibwere kuno. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6. Zina zonse zomwe zili m'mutu mwangamu ndinachita kutola ndekha, m'manyuzipepala okulungira sopo, m'mabuku othothoka zikuto, ndipo nditafika kuno, m'laibulale ya pafupi ndi kwathu momwe ankandilola kukhala tsiku lonse osandifunsa kuti ndine mwana wa yani. N'chifukwa chake Amalawi ochepa omwe tinalipo ankanditchula kuti a Pulofesa. Ine ndinkayesa ulemu.

Mkazi wanga, Nagama, anali adakali kumudzi ku Ntcheu. Mafomu oti abwere ndinali nditatumiza kuboma kalekale, ndipo yankho silinkabwera. Tsiku ndi tsiku poweruka ndinkatsegula kabokosi kanga ka makalata pansi pa nyumba yathu yosanjikizana ija, n'kupezamo mapepala otsatsa mipando. Nagama yekha ndiye ankalemba, ndipo kalata yake iliyonse inkathera pa funso limodzi: "Kodi chaka chino ndilime kapena ndisalime?" Funso limeneli linkandisowetsa mtendere. Ndikati asalime, mapepala n'kukanika, adya chiyani? Ndikati alime, ndiye kuti ndavomera kuti chaka china chipita tili kutalikirana.

Tsono nsanja ija ndinali nditaiwerenga bwino, kuposa mwina amene anaimanga. Ndinkadziwa kuti inamangidwa ndi kampani ya njanji, ndipo kampaniyo inali ya boma. Ndinkadziwa chifukwa chomwe ankanena poyera, choti nyumba zazitali za mabanki zinkatchinga mawailesi akanema, mwakuti munthu wowerenga nkhani ankaoneka ali awiri. Koma ndinkadziwanso zifukwa zomwe ankanena chapansipansi: kuti ku Moscow kunali nsanja yomwe inkaposa zonse, ndipo kunali kofunika kuti ya kuno iipose, komanso kuti chaka chomwecho mzinda wa Montreal unali ndi masewero a dziko lonse, ndipo Toronto sakanalola kungokhala chete ngati mkazi wachiwiri. Ndinawerenganso kuti poyamba ankafuna kugwetsa zambiri kumeneko n'kumanga mzinda watsopano kuzungulira nsanjayo, koma anthu anakana, maganizowo n'kufera m'mapepala. N'chifukwa chake inangoima yokha pakati pa njanji ndi dzimbiri, ngati mlendo wofika pa ukwati woti unalephereka.

Zonsezi ndinazimvetsa. Chomwe sindinachimvetse n'chakuti anthu ankatsutsa zinthu za boma m'nyuzipepala, n'kusaina mayina awo enieni pansi.

Kuntchito kwathu kunali nkhalamba ina, a Douglas, omwe moyo wawo wonse anagwira ntchito ya njanji. Ndikamawameta ndevu ankaloza pawindo, komwe nsanjayo inkaoneka patali ngati singano, n'kuyamba.

"Ukuchiona chimenecho? Masitima akutha, masiteshoni akutsekedwa m'midzi, iwo akumanga chala choloza kumwamba! Andale onsewa n'zitsiru, kuyambira wamkuluyo."

"Bambo, chonde tsitsani mawu," ndinkatero ine, uku ndikutseka chitseko ndi mwendo.

"Nditsitse chifukwa chiyani? Abwere amve yekha! Ine ndinamuvotera, ndili ndi ufulu womutukwana."

Ine ndinkatsegula mpopi wa madzi kuti phokoso lake libise mawuwo (a Douglas ankayesa kuti ndili ndi vuto la chikhodzodzo). Mumtima ndinkati, nkhalamba iyi yatsala pang'ono kufa, palibe chomwe angaichite. Koma ine amene ndamva osakanena, ndili ndi mafomu kuboma.

Musandiseke msanga. Kwathu masiku amenewo, chinthu chikamatsegulidwa, kaya ndi msika kaya mlatho, sikunali kufunsa kuti upita kapena ayi. Masitolo ankatsekedwa, ana a sukulu ankandanda m'mbali mwa msewu kuyambira m'mawa, malole ankabwera kudzatenga anthu, amayi ankavina mpaka fumbi kufika m'mitengo. Mudzi uliwonse unkabwera ndi mphatso ya akuluakulu: uyu mbuzi, uyu nkhuku, wosauka mazira. Ndipo nthawi zonse pankakhala munthu wa kope, wolemba amene abwera, makamaka amene sanabwere. Kalaliki wathu wa pachipatala anajomba tsiku lina lotere chifukwa cha dzino. Dzinolo linali lenileni, tsaya linatupa ngati papaya, ndinaliona ndi maso angawa. Koma pasipoti yomwe ankayembekeza kuti akaphunzire kunja sinatuluke, ndipo palibe amene anamuuza chifukwa chake. Ifenso sitinafunse.

Ndiye ine ndinaika zonse pamodzi, monga amachitira mapulofesa. Nsanja ndi ya kampani ya boma. Boma ndi lomwe lili ndi mafomu anga. Chaka chapitacho, helikopita isanakweze chitsulo chomaliza cha pamwamba, anaitana anthu kuti akalembe mayina awo pa chitsulocho, ndipo ine sindinapite chifukwa ndinali pa shifiti. Mwaona? Mayina analemba kale kamodzi, langa palibe. Za otsutsa m'nyuzipepala zija ndinati ndi msampha chabe: azungu ndi ochenjera, amakulola ulankhule kuti akudziwe bwino. Ndinatsimikiza mtima kuti ulendo uno dzina langa lilowa m'kope, ndipo sindipita chimanjamanja.

Mbuzi ku Scarborough sindikanaipeza. Nkhuku zinalipo, koma zosadzuka, zozizira ngati mwala. Ndinagula mazira. Atandipatsa m'kabokosi kawo kaja ka mapepala, kokhala ndi timaenje toti dzira lililonse likhale pa lokha, ndinaona kuti n'chipongwe kupereka mphatso kwa akuluakulu ikuoneka kuti yangochoka m'sitolo. Ndinawatulutsa onse. Ndinafuna dengu, ndipo dengu lenileni la kwathu m'nyumba monsemo linali ndi munthu mmodzi yekha, mayi Nachisale.

Mayi Nachisale anali namwino wa ku Dedza, wamkulu kwa ine, ndipo anali atakhala kuno zaka zambiri. Chitseko chawo chinapenyana ndi changa. Anali munthu wabwino mtima koma pakamwa pawo panalibe buleki. Loweruka limenelo m'mawa ndinagogoda nditavala suti yanga yakuda ya ku tchalitchi, taye, ndi chipewa.

"A Pulofesa! Kwagwanji? Wamwalira ndani?"

"Palibe, mayi. Ndimati mundibwerekeko dengu lija. Komanso ndimati ndikukumbutseni kuti lero ndi tsiku lotsegulira nsanja. Mwina tinyamukire limodzi."

"Ine? Ndikaone chipilala cha simenti? Ndili ndi zochapa."

Ndinayang'ana uku ndi uku m'khonde, n'kutsitsa mawu. "Mayi, akadzafunsa kuti munali kuti?"

"Adzafunse ndani?"

"Eni ake."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaona mazira omwe ndinakulunga m'thaulo. Anagwira pakamwa.

"Achimwene, mazirawa ndi a yani?"

"A akuluakulu."

"Akuluakulu ake ati? Inu, kuno si kwathu. Kuno bwana wamkulu wa mzinda amakwera basi, n'kukhala pafupi nanu osamudziwa. Mukawapatsa mazira aziyesa mukugulitsa."

"Inu mapepala anu anatha kale," ndinatero mwaulemu koma mobaya pang'ono. "Ine anga adakali m'manja mwawo. Ndawerenga bwino nkhani imeneyi."

"Mwawerenga. Chabwino. Nanga mwawawiritsa?"

"Mphatso ya bwana munthu n'kuwiritsa? Aziyesa ndi kamba wapaulendo."

Anandipatsa dengulo, ndipo ndikuchoka m'khondemo ndinamva akuseka okha m'nyumba, kuseka kwa munthu woti wagwira khoma.

Ndinakwera basi, kenako sitima ya pansi, dengu lili pamiyendo, lovundikira ndi kansalu koyera. M'sitimamo ndinadabwa kuona kuti masitolo a m'masiteshoni ndi otsegula, ndipo anthu ambiri akutsika m'njira, kupita kwina. Ndinawamvera chisoni. Ndinati awa adzaona okha.

Nditafika ndinapeza khamu la anthu ndi mzere wautali wokhotakhota. Ndinayang'ana kumwamba, chipewa n'kugwa. Zoona, chinthu chija n'chachitali. Mutu wake unkaoneka ngati ukuyenda, pomwe imayenda ndi mitambo. Koma zina zonse sizinali m'malo mwake. Panalibe malole. Panalibe amayi ovina. Panalibe bwalo la akuluakulu lokhala ndi mipando yofewa kutsogolo. Anthu anavala makabudula ndi malaya a maluwa, akudya masoseji a m'buledi, ana akulira, ena akujambulana. Wovala suti yakuda pa dzuwa limenelo ndinali ine ndekha, moti banja lina linandifunsa komwe kuli zimbudzi.

Apa m'pomwe ndinafika pa mayi wa matikiti uja. Atandiuza kuti sakudziwa za nduna iliyonse, ndinamufunsa komwe akulembetsa mayina.

"Mayina a chiyani?"

"A anthu amene tabwera."

"Sitikulemba mayina, bambo. Mungogula tikiti basi."

Ndinamwetulira momuonetsa kuti ndamva, kuti zinthu zina sanena pagulu. Ndinagula tikiti (kwathu amakunyamula ulere kupita kokaombera m'manja, kuno umalipira wekha, ndipo ndinaona kuti njira imeneyi ndi yochenjera kwambiri yoyesera kukhulupirika kwa munthu). Ndinaganiza kuti akuluakulu ndi kope lawo ali pamwamba. Nanga munthu wamkulu angakhale pansi nsanja ilipo?

Tili pamzere, panabwera mnyamata wa wailesi atanyamula chojambulira mawu paphewa, akufunsa anthu maganizo awo. Anayamba ndi bambo wina wonenepa yemwe anali patsogolo panga, yemwe tinali titacheza bwino ndithu za kutentha.

"Mukuiona bwanji nsanjayi?"

"N'zachabechabe," anatero bamboyo mosangalala. "Andale akufuna kutchuka basi. Ine ndabwera chifukwa ana anandikakamiza."

Ndinasuntha pang'onopang'ono mpaka pakati pa ine ndi iye panatsala malo okwana anthu atatu, n'kuyamba kuyang'anitsitsa mbali ina ngati sindinamuonepo chibadwire. Koma wa wailesi uja anali wandiona kale, ndi suti yangayo.

"Nanga inu bambo, mwachokera kuti, ndipo mukuti bwanji?"

Ndinaika dengu pansi, n'kuvula chipewa, n'kukonza kukhosi. Zomwe ndinanena sindingazibwereze zonse, chifukwa manyazi ake sanathe. Ndinathokoza boma chifukwa cha nzeru zake zakuya. Ndinati tisanakhale ndi nsanjayi tinali mumdima, anthu a pa kanema ankaoneka awiriawiri, koma lero aliyense aoneka mmodzi. Ndinati a ku Moscow agone pansi. Ndinati ife anthu a ku Scarborough, amuna, amayi ndi ana, tili pambuyo pa atsogoleri athu mpaka kalekale (anthu a ku Scarborough sanandituma, ambiri anali kunyumba akuchapa, ngati mayi Nachisale). Pomaliza ndinatchula dzina langa lonse kawiri, n'kulitchulanso chilembo chimodzichimodzi, n'kuwonjeza kuti mkazi wanga ali ndi maganizo omwewa.

Mnyamatayo anati zikomo, akuluma mlomo. Bambo wonenepa uja anandiombera m'manja yekha, n'kundifunsa ngati ndikuima nawo pa chisankho.

Kenako inafika nthawi yokwera chikepe. Ine zikepe ndinkazidziwa. Cha kunyumba kwathu ndinkakwera tsiku lililonse, chimayenda mwaulemu ngati ngolo. Chomwe sindinawerenge bwino n'chakuti cha pa nsanjayi chili ndi galasi loyang'ana kunja. Anatilowetsa ambiri, ndipo ine, pofuna kuteteza mazira, ndinadzipanikiza kutsogolo, mphuno pagalasi, dengu pachifuwa.

Chitseko chinatsekeka. Dziko linagwa.

Sindikudziwa kuti ndinene bwanji mwina. Njanji zija zinasanduka ulusi, magalimoto nyerere, madenga a nyumba zomwe ndinkaziopa kutalika anadutsa n'kutsala pansi. Mimba yanga inatsala pa mayi wa matikiti. Makutu anatseka kuti phaa. Ndinatsinzina, koma kutsinzina kunaipitsa zinthu, ndiye ndinatsegulanso, n'kuona mbalame ikuuluka kunsi kwa nsapato zanga. Apo ndinafuula mawu amodzi okha m'Chichewa, oitana mayi anga omwe anamwalira kalekale, ndipo ndinakumbatira chinthu chomwe chinali pafupi.

Ndikanakonda kukuuzani kuti wina anandikankha. Kwa zaka zingapo ndinkanena choncho. Koma zoona zake n'zakuti palibe anandikhudza. Ndinafinya dengu lija ndekha, ndi manja anga awiri, ndi mphamvu zonse zomwe ndinkanyamulira a Douglas kuwaika m'bafa. Ndinamva kuti phwa, phwa, phwa, motsatizana bwino, ndipo kenako kanthu kozizira kanayamba kutsika pa malaya, kudutsa pa lamba, kulowera m'thalauza, mpaka m'sokosi.

Kamtsikana kena kanauza mayi ake mokweza kuti, "Amayi, bambo awa aswa." Mayi wina wa nsapato zoyera anayang'ana pansi, n'kuona kuti sizoyeranso.

Titafika pamwamba anthu anatuluka mondilambalala, aliyense akunyamula miyendo ngati akuwoloka dambo. Ine ndinatsalira m'chikepemo, nditakumbatirabe dengu. Anabwera bambo wina wa yunifolomu, wa imvi, wa mabatani onyezimira, n'kundigwira pamkono mofatsa kupita nane pa kampando ka pakona. Anandipatsa madzi ndi mapepala opukutira, naitana wina kuti akakolope chikepe, chomwe chinayamba chaima kaye (choncho pa tsiku loyamba la nsanja yaitali kuposa zonse pa dziko, mzere wa pansi unachedwako pang'ono chifukwa cha munthu wa ku Ntcheu). Kenako anatulutsa kope ndi cholembera.

"Pepani bambo, munthu akadwala kuno timayenera kulemba. Dzina lanu ndani? Mumakhala kuti?"

Kope lija linapezeka. Ndinayenda ulendo wonsewo kulifuna, ndipo nali, latsegulidwa patsogolo panga, koma dzina langa likulowamo ngati munthu amene waipitsa chikepe cha boma pa tsiku la chikondwerero. Ndinaganiza zonama dzina, koma ndinakumbukira kuti ndalitchula kale pa wailesi chilembo chimodzichimodzi. Ndinanena zoona. Iye analemba, ine m'maganizo ndikuona Nagama akunola khasu.

Ndiye ndinayesa kupulumutsa zomwe zikanapulumuka. Ndinavundukula kansalu kaja, ndipo pakati pa zigoba ndi phala lachikasu panali dzira limodzi lamoyo, losasweka. Ndinalipukuta ndi taye. Ndinatsika pa kampando, n'kugwada bondo limodzi, n'kulipereka ndi manja awiri.

"Bwana, landirani. Ndi la boma. Analipo ambiri."

Bamboyo anayang'ana dzira, nayang'ana ine, nayang'ana anthu omwe anayamba kutizungulira. Ndikuganiza kuti anaona kuti njira yachidule yondidzutsira pansi ndi kulandira. Analitenga mosamala, n'kuliika m'thumba la malaya pafupi ndi cholembera.

"Zikomo kwambiri," anatero. "Ndionetsetsa kuti lafika." Kenako anawonjeza kuti, "Poti mwalipira kale, bwanji muoneko kunja musanatsike?"

Ndinapita pawindo mokwawa ndi khoma. Ndinaona nyanja yaikulu ya kumeneko itayalidwa mpaka kosaoneka, ndi mzinda wonse uli phee ngati mapu a m'laibulale. Ndinafunafuna nyumba yathu ya ku Scarborough koma zonse zinali zofanana. Kenako, mopusa, ndinatembenukira komwe ndinkaganiza kuti ndi kwathu, n'kuyang'anitsitsa. Nsanja yoposa zonse pa dziko lapansi, koma Ntcheu osaoneka. Ndinatsika nditatsinzina, nditagwira mkono wa bambo wa mabatani uja.

Za ulendo wobwerera ndingonena kuti dzira likauma pa suti m'mwezi wa Juni limalankhula. M'sitima yodzaza ndinali ndi mipando inayi ndekha. Mayi Nachisale anatsegula chitseko ndisanagogode, ngati ankandidikira kuseri kwake. Anaona suti, anaona dengu lophwanyika mbali imodzi. Anangoti, "Muviike m'madzi ozizira, otentha aphika."

Miyezi yotsatira inali yowawa, ndipo apa sindikuseka. Ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti kope lija lapita komwe kuli mafomu anga. Galimoto ikaima pansi pa nyumba yathu, ndinkasuzumira pawindo. Kulaibulale ndinasiya kuwerenga za ndale, n'kuyamba za njuchi. A Douglas nditawafotokozera anaseka mpaka anamwino anathamangira kudzaona, ndipo kuyambira tsikulo ankati ndikalowa, "Nayu nthumwi ya ku Scarborough!" Kalata ya Nagama inabwera ndi funso lake lija. Sindikanamulembera zomwe zinachitika, chifukwa makalata opita kwathu ankayamba awerengedwa ndi anthu ena asanafike kwa mwini wake, ndipo mawu oti boma, nduna ndi mazira m'kalata imodzi akanamuika m'mavuto. Ndinangolemba kuti, "Konza mbewu." Polemba mawu awiri amenewo ndinalira, munthu wamkulu, chifukwa ndinkadziwa kuti ndamulimitsa ndine, ndi manja anga ofinya madengu.

Masamba a mitengo atayamba kufiira, ndinapeza envelopu yakhaki m'kabokosi kaja, ya chidindo cha boma. Ndinakwera nayo masitepe onse wapansi (chikepe ndinali nditayamba kuchipatsa ulemu). Ndinaiika patebulo, n'kuizungulira. Ine amene ndinkawerenga chilichonse, ngakhale mapepala a m'mabotolo a mankhwala, kalata imeneyi inandikanika. Ndinakagogoda kwa mayi Nachisale.

"Mayi, ndiwerengereni. Ndikuganiza kuti andidipota."

"A Pulofesa osatha kuwerenga? Bweretsani."

Anavala magalasi mosafulumira, anang'amba envelopu ndi foloko, n'kuwerenga chamumtima, milomo ikugwedera. Ndinkayang'ana nkhope yawo ngati wodwala woyang'ana dokotala. Kenako anavula magalasi aja.

"Aapuruva."

"Mwati?"

"Aapuruva, achimwene! Akazi anu akubwera. Akungofuna akapimidwe kuchipatala ndi kujambulitsa. Muwalembere lero lomwe, mbewuzo apatse achemwali awo."

Ndinakhala pansi, pa kapeti pomwepo. Anandipangira tiyi wa shuga wambiri. Ndinatenga kalata ija n'kuiwerenga ndekha kawiri, kufunafuna pomwe atchula za chikepe. Panalibe. Panalibenso za wailesi, kapena za anthu a ku Scarborough omwe ali pambuyo pa atsogoleri awo. Ndipo apa m'pomwe muone kuti kuwerenga sikuchiza munthu, chifukwa nditamwa tiyi uja maganizo anayamba kubwerera m'malo mwake, ndipo ndinati:

"Komatu mayi, mukaganiza bwino, bambo uja anati aonetsetsa kuti lafika. Mwina dzira lija..."

Mayi Nachisale anaika kapu yawo pansi mwamphamvu mpaka supuni inadumpha.

"Achimwene, tamverani. Dzira lanulo anakazinga mlonda, n'kudyera buledi. Kalatayi yalembedwa ndi munthu woti sakudziwani, sanamvepo za inu, ndipo mawa adzakhala atakuiwalani. Kuno boma silikudziwani, ndipo chimenecho n'chomwe tonsefe tinabwerera. Muzigona tulo." Anatolera makapu, n'kuima pakhomo la khitchini. "Koma mayiwo akafika, inu mukawalandire ku bwalo la ndege, muwaonetse nyumba, muwaonetse sitima ya pansi, zonsezo n'zanu. Nkhani ya mazira yokha musaikhudze. Imeneyo ndiwauza ndine."